Akuti mitengo yakhazikika, nanga ndalama za pakhomo zikuthera kuti?

Golosale_Ulongwe

Ndikupereka moni kwa nonse a pa gulu lino. Pa wailesi timamva kuti metikali, ndalama yathu ya ku Mozambique, sinagwe, yakhala ikusinthidwa pa 63 kapena 64 pa dola imodzi kuyambira 2021, ndiponso kuti kukwera mitengo kwa zinthu kunali pansi pa 5 peresenti m'chaka cha 2024. Koma ine amene ndimagulitsa m'golosale kuno ku Ulónguè, m'chigawo cha Tete, ndikuona zina. Anthu amene ankagula botolo lonse la mafuta ophikira pakutha pa mwezi tsopano akugula otapa m'timapepala, shuga akugula wopima, sopo akudulitsa pakati, ndipo majarini, mkaka wa ufa ndi zakumwa zikukhalitsa pa shelefu mpaka tsiku lake kupitirira. Chimene chikudzaza msanga ndi buku la ngongole lokha. Ngati mitengo yakhazikikadi, ndalama za pakhomo zikuthera kuti? Ndipo kwanuko mabanja ayamba kusiya chiyani, nanga chimene akukakamira ngakhale zinthu zitathina n'chiyani?

WakuMatundo

Bambo a Golosale, kuno ku mzinda wa Tete chinayamba kuchoka ndi nyama. Mbuzi ya ku Tete imatchuka mpaka ku Maputo, koma eni akefe timangoiona ili pa ngowe pa msika wa Kwachena. Kenako anachoka buledi wa m'mawa, ndipo ana akupita kusukulu atadya nsima yogona kapena mbatata. Amene ankakwera txopela (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu) tsopano akudikira chapa (minibasi), ndipo amene ankakwera chapa akuwoloka mlatho wa Samora Machel wapansi ngakhale dzuwa la kuno mukulidziwa.

Chiwerengero_Songo

Funso la bambo a Golosale ndi labwino, ndipo wailesi sikunama, kungoti ikuyankha funso lina. Akamati kukwera mitengo kwatsika, sakutanthauza kuti mitengo yatsika. Akutanthauza kuti ikukwerabe koma pang'onopang'ono, ndipo ikukwera kuchokera pamene inafika kale. Tikumbukire kuti mu 2016, nkhani ya ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni za makampani a EMATUM, ProIndicus ndi MAM itaululika, bungwe la IMF ndi mayiko othandiza anaimitsa chithandizo, metikali inagwa mpaka kuyandikira 80 pa dola, ndipo mitengo inakwera ndi 25 peresenti kapena kupitirira pang'ono pofika kumapeto kwa chakacho. Mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itayamba, mafuta a galimoto, tirigu ndi feteleza zinakweranso, ndipo chiwerengerocho chinadutsa 10 peresenti. Mitengo ya katundu wa m'sitolo sinabwerere pamene inali zisanachitike zimenezi. Choncho banja limene ndalama zake zolowa sizinakule likugula pa mitengo imene inaunjikana zaka zonsezi.

Mbali imene wailesi siitchula kwambiri ndi ya ndalama zolowa. Mu 2020 chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo koyamba patapita zaka pafupifupi 30, chifukwa cha mliri wa Covid-19. Chinabwereranso m'mbuyo m'miyezi itatu yomaliza ya 2024, pa nthawi ya zionetsero zimene zinatsatira chisankho cha pa 9 Okutobala, pamene misewu inkatsekedwa ndipo malonda ambiri anaima. Ntchito ikachepa ndi maganyu akasowa, mtengo wa sopo ukhoza kukhala womwewo koma wogula n'kukhala wopanda kanthu. Ndipotu anthu akalephera kugula, wogulitsa amaopa kukweza mtengo, moti mitengo yokhazikika nthawi zina imasonyeza kuti matumba a ogula aphwa.

Zimene mukuona pa shelefu yanu zinalembedwa kale ndi katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, Ernst Engel, mu 1857. Iye anapeza kuti banja likamasauka, gawo la ndalama zake limene limapita ku chakudya limakula, chifukwa chakudya sichingachepetsedwe mofanana ndi zovala kapena mipando. Kafukufuku wa bajeti za mabanja amene bungwe la boma la ziwerengero la INE limachita, uja amamutcha IOF, anasonyeza kuti osauka anali anthu pafupifupi 46 pa 100 alionse mu 2014/15, ndipo anafika pafupifupi 68 pa 100 alionse mu 2019/20. Anthu ochuluka chonchi akatsikira pa umphawi, majarini sangayende.

Kachewere_Tsangano

A Chiwerengero, mwafotokoza bwino koma mwafotokoza za anthu a m'tauni amene amalandira ndalama pa mwezi n'kukagula ufa. Ife a ku Tsangano, Angónia ndi Macanga chimanga, nyemba ndi mbatata timalima tokha, ndipo ndalama zimatipeza kamodzi kapena kawiri pa chaka. Bajeti ya mlimi siyambira pa shuga, imayambira pa feteleza. Kachewere popanda feteleza ndi mankhwala opopera sabereka zoti munthu n'kutumiza ku Tete kapena ku Beira. Zinthu zikathina, mlimi amene ankathira matumba anayi amathira awiri, amene ankagula mbewu yatsopano amabzala yobwereza, ndipo palibe amene amaona kuti pakhomopo achepetsa kanthu, chifukwa nsima ikudyedwabe ndipo ana akuvalabe. Zimadzaoneka chaka chotsatira nkhokwe ikatha mu Novembala m'malo mwa Febuluwale. Chilala cha El Niño cha nyengo ya 2023/24 chitafika, mabanja ambiri anadya ndalama za feteleza, ndipo ngakhale mvula inadzabwera bwinopo chaka chinacho, inapeza minda yopanda chakudya cha mbewu. Kuchepetsa kumeneku ndiko kumene ndikuona kuti n'koopsa kuposa kusiya buledi, koma sikuoneka m'golosale, ndipo sindikhulupirira kuti owerengera mitengo m'mizinda amakuona.

WakuMatundo

Komabe inu a ku Tsangano muli ndi munda ndi nyengo yozizira. Pitani ku Changara kapena ku Mágoè mukaone anthu amene chilala chikafika amadalira masau ndi malambe. Ife a m'tauni tikalephera kulipira lendi timatulutsidwa ndi katundu yemwe, pamene inu palibe amene angakuchotseni pa malo a makolo anu.

Kachewere_Tsangano

Achimwene, sindinanene kuti a m'tauni akusangalala. Ndanena kuti mlimi akachepetsa feteleza, mtengo wa ufa umene inuyo mudzagule ku Matundo chaka chamawa wakwera kale.

Mphunzitsi_Domue

Ndilankhuleko za ogwira ntchito m'boma, chifukwa anthu amaganiza kuti ife zathu zili bwino. Ndondomeko yatsopano ya malipiro ya TSU itayamba mu 2022, ambiri anaona ngati malipiro akwera ndipo anathamangira kumabanki kukatenga ngongole zomangira nyumba, kugula njinga zamoto ndi kulipirira ana sukulu. Nthawi yomweyo banki yaikulu ya dziko lino, Banco de Moçambique, inali itakweza chiwongoladzanja chake chachikulu kufika pa 17.25 peresenti, ndipo chimene munthu wamba amalipira ku banki chinali pamwamba kwambiri kuposa pamenepo. Banki yaikuluyo inayamba kuchitsitsa mu 2024, koma ngongole zimene zinatengedwa kale zikudulidwabe pa malipiro asanafike m'manja. Mphunzitsi amene pa pepala amalandira ndalama zooneka bwino amatenga zochepa kwambiri, ndipo zikatha amapita kwa a katapila, amene ena mwa iwo amasunga khadi la ku banki la wokongolayo.

Onjezani pamenepo kuti ndalama za maola owonjezera zimachedwa, ndiponso kuti malipiro a mwezi wa 13, amene mabanja ambiri ankadalira pogula yunifolomu ndi makope kumayambiriro kwa chaka, m'zaka zovuta akhala akubwera osakwanira. M'maboma ngati la Angónia, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ndiwo makasitomala a pamwezi a golosale, a telala, a kalipentala ndi a chigayo. Choncho bambo a Golosale, gawo lina la ndalama zimene munkaziona lilipo ndithu, koma likupita ku banki lisanadutse pa kauntala yanu.

Mai_wa_Xitique

Abambo mwalankhula za mabanki ndi ziwerengero, koma amene amagawa ndalama ya tsikulo pakati pa ndiwo, makala ndi sopo nthawi zambiri ndi ife amayi. Ndikufuna kutsutsa mawu oti tikuchepetsa kugula. Pa zinthu zambiri tikulipira zochuluka kuposa kale. Mukaphatikiza timapepala ta mafuta timene mayi amagula m'mwezi wathunthu, mupeza kuti walipira kuposa amene anagula botolo kamodzi. N'chimodzimodzi ndi makala a m'kajumbo poyerekeza ndi thumba, ufa wa m'mbale poyerekeza ndi chitini cha chimanga chopita nacho ku chigayo, ngakhale mayunitsi a foni. Wosauka amagula modula chifukwa sangasonkhanitse ndalama yogulira zambiri nthawi imodzi, ndipo wogulitsa naye sitingamunene, poti kutapa ndi kumanga timapepala ndi ntchito.

Pa ndiwo, nsomba ya pende ndi chicoa zalowedwa m'malo ndi kapenta, kapenta walowedwa m'malo ndi soya, ndipo masiku ena ndi masamba a nyemba kapena nkhwani wotendera basi. Ufa woyera ambiri ausiya n'kuyamba mgaiwa chifukwa pokonola chimanga chimachepa. Zovala ndi za kaunjika, ndipo nsalu yatsopano imagulidwa pa ukwati kapena pa Khirisimasi pokha. Gulu lathu la xitique, losonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana, kale linkasonkha pa mwezi ndipo wolandira ankagula malata, matiresi kapena mapoto. Lero tikusonkha zochepa mlungu ndi mlungu, ndipo wolandira amagula thumba la mpunga ndi mafuta kapena kubweza ngongole. Kwa ine umenewu ndiwo umboni waukulu kuposa wa pa wailesi: ndalama zimene zinkamanga nyumba zikuthera m'poto.

Mwafunsanso zimene mabanja akukakamira. Foni sitiisiya, chifukwa ndi mmene timalandirira ndalama za M-Pesa kapena e-Mola kuchokera kwa ana amene ali ku Beira, ku Maputo kapena ku Joni. Chipepeso cha pa maliro sitisiya, chifukwa amene sasonkha anzake akaferedwa adzakumba yekha manda tsiku lake. Sukulu ya ana a pulayimale timalimbikira, koma mwana akafika kalasi 10, pamene kulembetsa kumayamba kulipiritsa ndipo nthawi zina sukulu ili kutali moti afunika kuchita lendi, mabanja ambiri amasankha kuti apitirize ndani, ndipo wotsala kawirikawiri amakhala mtsikana.

Njinga_Zobue

Mayi, zonsezo ndamva, koma wina andifotokozere chifukwa chake mabala ndi malo obetchera mpira amakhala odzaza Loweruka lililonse. Anthu omwewa amene akudulitsa sopo pakati ndi amene akugula mowa ndi mabando a intaneti. Mwina vuto si chuma cha dziko chokha ayi, mwina ndi kasamalidwe ka ndalama pakhomo.

Mai_wa_Xitique

Amene akudulitsa sopo ndi amene ali ku bala si munthu mmodzi, bambo, ngakhale amagona nyumba imodzi.

Mphunzitsi_Domue

A Njinga ali ndi mfundo, koma ayang'ane chimene chili m'manja mwa omwawo. Amene ankamwa mowa wa m'botolo wa 2M kapena Manica ambiri atsikira ku kachasu ndi timabotolo totchipa ta mowa waukali. Bala yadzaza anthu koma mwini wake akudandaula ngati bambo a Golosale. Kubetcha ndiye kumakula kumene ntchito zikasowa, chifukwa mnyamata amene alibe ganyu amaona ngati ndalama yochepa imene ali nayo singagule kanthu pokhapokha itachulukitsidwa. Sindikuikira kumbuyo kubetchako, ndikuona kuti kukuwononga ophunzira anga akuluakulu, koma ndi chotsatira cha vutoli kuposa kukhala chiyambi chake.

Malasha_Moatize

Kuno ku Moatize nkhaniyi ili ndi maonekedwe akeake. Pamene kampani ya migodi ya Vale inayamba kutulutsa malasha mu 2011, aliyense amene anali ndi poloti anamanga nyumba ya lendi, mahotela anachuluka, ndipo lendi ya ku Tete inkafanana ndi ya ku Maputo. Mtengo wa malasha utagwa pa msika wa dziko lonse cha m'ma 2015, makampani ang'onoang'ono ogwira ntchito ndi migodi anachepetsa anthu, ndipo nyumba zija zinayamba kukhala zopanda anthu. Vale inadzagulitsa mgodi ku kampani ya Vulcan mu 2022. Malasha akutulukabe ndipo sitima zikupitabe ku doko la Nacala, koma ndalama zimene zimazungulira m'misika yathu sizinabwerere mwakale.

Chimene ndikuona kuno n'chakuti banja la wogwira ntchito likayamba kuthina, limayamba ndi kuchotsa anthu amene limawalipira. Wantchito wa m'nyumba amauzidwa kuti apume kaye, mlonda amachotsedwa, mmisiri amene ankamanga mpanda amaimitsidwa khoma lili pakati, ndipo ana amachotsedwa kusukulu yolipira n'kupita ku ya boma. Yendani m'Moatize muwerenge nyumba zimene zaima pa mawindo, njerwa zitamera udzu. Banja limodzi likapulumutsa ndalama mwanjira imeneyi, mabanja atatu ataya chakudya, ndipo ambiri mwa anthu ochotsedwawo anachokera ku Angónia ndi ku Tsangano komweko, moti ndalama zimene ankatumiza kumudzi zaimanso.

Calomue_Malire

Musaiwale kwacha. Ife a m'malire malonda athu ambiri ndi a anthu a ku Dedza, Lizulu ndi Ntcheu, amene amadzagula chimanga, nyemba, soya ndi mbatata kuno. Dziko la Malawi litatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kasitomala yemweyo anayamba kubwera ndi mpukutu waukulu wa ndalama umene ukasinthidwa kukhala metikali umatsala pang'ono. Mlimi amene walandira kwacha sayerekeza kuisunga, amaigwiritsa ntchito tsiku lomwelo kutsidyako pogula shuga, sopo kapena ziwiya za pulasitiki. Mwina ena mwa makasitomala anu, bambo a Golosale, sanasiye kugula, angosamukira kutsidya la msewu.

WakuMatundo

Ndipo magetsi nawo bwanji? Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, linabwerera m'manja mwa Mozambique mu 2007, magetsi ake ambiri amapita ku South Africa, koma ife timagula mayunitsi a magetsi a Credelec a ndalama zochepa tsiku ndi tsiku n'kumazimitsa firiji usiku. Amene ankaphikira magetsi kapena gasi abwerera ku makala, ndipo mitengo ya m'mbali mwa msewu wa ku Changara ikuthera m'matumba a makala.

Woyang'anira_Gulu

Abale, nkhani ya damu ndi ya amene ayenera kupindula nalo ili ndi malo ake, ndipo tinaikambirana kale. Pano tikhale pa funso la zimene mabanja akugula ndi zimene asiya.

Chiwerengero_Songo

Ndibwerere kwa a Kachewere, chifukwa anena zoona kuti ziwerengero za mitengo zimatengedwa makamaka m'mizinda. Kwa zaka zambiri zinkachokera ku Maputo, Beira ndi Nampula kokha, ndipo ngakhale anawonjezera mizinda ina, mtengo umene mlimi wa ku Furancungo amagulitsira chimanga chake pa nthawi yokolola suli m'menemo monga ndalama yake yolowa. Komanso chiwerengerocho chimaphatikiza zinthu zambiri zimene wosauka sagula n'komwe, pamene iye pafupifupi ndalama zake zonse zimapita ku chakudya, makala ndi mayendedwe. Tomato ndi ufa zikakwera koma mtengo wa wailesi yakanema n'kukhala pomwepo, chiwerengero cha dziko chimaoneka chofatsa, koma mayi wa xitique amamva kuwawa konse.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi a Calomue ndi apa: kusamukira kutsidya kungafotokoze za golosale ya m'malire, koma sikungafotokoze za Moatize kapena Songo, kumene kulibe malire apafupi koma madandaulo ndi omwewo. Zimene a Malasha afotokoza ndizo zimachititsa kuti vutoli likhalitse. Ndalama imene banja lina lasiya kugwiritsa ntchito inali malipiro a banja lina. Boma linatsitsa msonkho wa pa katundu wogulidwa, wa IVA, kuchoka pa 17 kufika pa 16 peresenti mu 2023 pofuna kupeputsa zinthu, koma peresenti imodzi pa botolo la mafuta singabwezeretse ganyu amene wasowa. Ndiponso metikali yokhazikika imathandiza pokhapokha ngati oitanitsa katundu kunja akupeza madola ku banki pa mtengo umenewo, ndipo amalonda akhala akudandaula poyera kuti ndalama zakunja zikusowa.

Golosale_Ulongwe

Zikomo nonse. Mayi a Xitique, za timapepala mwanena zoona, phindu lake pa lita ndi lokulirapo, koma dziwani kuti ifenso tayamba kupikula makatoni ochepa, ndipo wotigulitsa ku Tete amatikwezera mtengo tikatenga pang'ono, monga mmene ifenso timachitira ndi inu. Chimene chikundivuta kwambiri ndi ngongole. Ndikakana kukongoza mphunzitsi kapena mlimi wa fodya amene akudikira malipiro ake, amapita kwa mnzanga ndipo sabweranso. Ndikavomera, ndalama yopikulira katundu imagona m'buku mpaka Meyi kapena Juni. Anzanga angapo pa msika uno atseka chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa chosowa makasitomala.

Fodya_Furancungo

Poti mwatchula alimi a fodya, ndinene kuti ngongole yanuyo imabwera pambuyo pa ina. Kampani imatipatsa mbewu ndi feteleza pa ngongole, ndipo imayamba yadula zake tikagulitsa. Zotsalazo ndi zimene timagawira antchito a m'munda, a golosale ndi a katapila. Kale mwezi wogulitsa fodya unkadziwika ndi njinga zatsopano, malata ndi masola pa msika wa Furancungo. Zaka zaposachedwazi ambiri akumaliza kubweza ngongole n'kutsala ndi ndalama ya chimanga basi.

Kachewere_Tsangano

Ndiwonjeze chimodzi pa zimene a Fodya anena, chifukwa chimakhudza buku la bambo a Golosale. Ngongole zonsezi zimafuna kubwezedwa nthawi imodzi, pokolola, pamene aliyense akugulitsa ndipo mavenda amatchula mtengo umene akufuna. Mlimi amagulitsa chimanga motchipa mu Meyi kuti abweze za sopo ndi shuga zimene anatenga mu Januwale, kenako mu Januwale wotsatira amagulanso chimanga chomwecho pa mtengo wokwera kwambiri, nthawi zina kwa venda yemweyo. Kuno kwathu mabanja ena agwirizana kuti asunge matumba angapo pamodzi, atathira mankhwala a anankafumbwe, n'kuletsana kugulitsa mpaka Okutobala, ndipo amene wapanikizika amabwereka ku gulu m'malo mokhuthula nkhokwe. Mayi a Xitique, kodi gulu lanu lingavomere kuti mlimi azisonkha chimanga m'malo mwa ndalama, n'kudzalandira gawo lake pa nthawi yogula feteleza?

Mai_wa_Xitique

Tinayesapo ndi nyemba ndipo zinatheka, chifukwa sizitenga malo ambiri ndipo mtengo wake sugwa kwambiri. Chimanga chimafuna nyumba yosadontha ndi munthu wokhulupirika wosunga kiyi, komanso mugwirizane poyamba kuti chikafumbwa atayapo ndani. Lembani zimenezo pa pepala mfumu ya m'mudzi ili pomwepo, ndipo muyambe ndi mabanja ochepa amene minda yawo ndi yoyandikana.